Khonsolo yaitana kampani kudzamanga msika: nanga benchi yanu?

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga. Mukuti mwagulitsa zitenje pa benchi imodzimodzi mumsika wa mumzinda kwa zaka 14, ndiye khonsolo yalengeza kuti igwetsa msikawo, kampani ina idzamange mashopu osanja. Mukufunsa chifukwa chake khonsolo siyimanga yokha, komanso ngati inu muli ndi mawu.

Khonsolo ili ndi malo, koma ndalama ilibe. Zomwe imatolera pa msonkho wa nyumba, malayisensi ndi tikiti yomwe mumadula m'mawa uliwonse zimathera kumalipiro, kuchotsa zinyalala ndi kukwirira maenje m'misewu. Kampani imabweretsa ndalama, imamanga, imatolera lendi kwa zaka zomwe agwirizana, ndipo kawirikawiri nyumbayo imadzabwerera kwa mwini malo. Ntchito ikadula kuposa momwe anawerengera, mutu umawawa ndi wa kampani. Si zachilendo kuno: nkhalango ya Majete inaperekedwa m'manja mwa bungwe losamalira zachilengedwe la African Parks mu 2003, koma ikadali ya boma. Mu 2011 kunabwera lamulo la migwirizano yotere, ndipo bungwe la Public Private Partnership Commission ndilo limaiyang'anira.

Koma kampani si mpingo. Ikufuna phindu, ndiye lendi ya shopu yatsopano singafanane ndi tikiti ya pa benchi. Apa ndi pomwe amalonda ang'onoang'ono amagwera, msika wokongola utatsegulidwa iwo ali kunja kwa mpanda.

Tsono za ufulu wanu. Gawo 44 la malamulo aakulu a dziko lino limati boma lingalande katundu wa munthu pokhapokha ngati ndi zothandiza anthu onse, lamudziwitsa nthawi yabwino ndipo lamupatsa chipukutamisozi choyenera. Ndikuuzeni zoona, gawoli limateteza kwambiri amene ali ndi mapepala a malo kapena lizi. Inu dothilo si lanu, khonsolo inangokulolani kuchitirapo malonda. Ngati munamangapo kashedi ndi malata anu, khonsolo ikudziwa, pamenepo mungakambe za chipukutamisozi.

Chida chanu chenicheni ndi gawo 43. Limalamula ofesi iliyonse ya boma kuchita zinthu motsata lamulo ndi mwachilungamo, komanso kupereka zifukwa polemba pamene chiganizo chake chikukhudza ufulu wanu kapena zomwe mumayembekezera moyenera. Kubwera kwa kampani sikuchotsa udindowu pamapewa a khonsolo.

Musapite nokha. Komiti ya msika ilembere mkulu wa khonsolo kalata yofunsa tsiku logwetsa, komwe mudzasamukire, lendi yatsopano, ndi ngati mayina anu alembedwa kuti mudzakhale oyamba kulandira malo. Pemphaninso kuona mgwirizanowo potsata lamulo la Access to Information, lopatsa anthu ufulu wopempha uthenga ku maofesi a boma, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020. Kalatayo mulembe ziwiri, ina idindidwe, mubwerere nayo. Lonjezo la pamsonkhano, ngakhale aliwombere m'manja, kukhoti sililemera.

Akakunyalanyazani, mungadandaule kwa Ombudsman, womva madandaulo okhudza maofesi a boma, kwaulere, kapena kupempha High Court kuti iunike chiganizocho ndi kuyamba yaimitsa ntchito, jekiseni uja mumamva pa wailesi. Pempho la kukhotili liyenera kufika m'miyezi itatu kuchokera pamene chiganizo chinapangidwa. Ngati ndalama ya loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau. Matikiti akale aja omwe mumakulungira chenje, asonkhanitseni m'jumbo lero, chifukwa ndi omwe adzachitire umboni zaka 14 zanuzo.