Anawapheranji a Zoran Đinđić?

FUNSO: Ndimaphunzitsa mbiri ku sekondale. Ndinamva pawailesi kuti ku Serbia anapha nduna yaikulu yomwe inkafuna kukonza dziko. Anali ndani, ndipo anamupheranji? Wowerenga, Zomba

YANKHO: Aphunzitsi, munthuyo ndi a Zoran Đinđić, ndipo nkhani yawo imandiwawa ndikaikumbuka. Iwowa anali m'gulu la omwe anatsogolera anthu kugwetsa Slobodan Milošević, pulezidenti wa Yugoslavia (dziko lomwe Serbia inali mbali yake), pa 5 Okutobala 2000. Mu Januwale 2001 anakhala nduna yaikulu, ndipo pa 28 Juni chaka chomwecho anatumiza Milošević ku khoti la milandu ya nkhondo ku The Hague, ngakhale pulezidenti watsopano wa Yugoslavia, Vojislav Koštunica, sankafuna.

Koma muzu wa imfa yawo uli apa. Milošević anasiya gulu la apolisi apadera ovala zipewa zofiira, lomwe mkulu wake anali Milorad Ulemek, wodziwika kuti Legija. Kutatsala pang'ono kuti Milošević agwe, a Đinđić anakumana ndi Legija kuti anyamata akewo asaombere anthu ochita zionetsero. Sanaombedi. Ndiye gululo linatsala ndi mfuti zake, likudyera limodzi ndi zigawenga za ku Zemun, dera la mumzinda wa Belgrade, zogulitsa mankhwala ozunguza bongo. Mu Novembala 2001 linafika potseka msewu waukulu mu Belgrade, boma n'kugonja. Ine ndimaona kuti a Đinđić anachedwa kulithetsa. Pomwe boma linkakonzekera kumanga zigawengazo, zinali zitadziwa kale.

Pa 21 Febuluwale 2003 lole inafuna kugunda galimoto yawo pamsewu, iwo anapulumuka, ndipo dalaivala wa loleyo anamangidwa koma anatulutsidwa patangopita masiku ochepa. Pa 12 Malichi masana, akutsika m'galimoto pakhomo la likulu la boma, akuyendera ndodo chifukwa anavulala mwendo posewera mpira, Zvezdan Jovanović, wachiwiri kwa mkulu wa gulu la zipewa zofiira lija, anawaombera ali pawindo la nyumba ina yapafupi. Anamwalira ali ndi zaka 50. Mlonda wawo, Milan Veruović, anavulala kwambiri.

Boma linagwira anthu oposa 11,000, gulu la zipewa zofiira linathetsedwa, ndipo mu 2007 Legija ndi Jovanović anawalamula kukhala m'ndende zaka 40 aliyense. Ana anu akadzafunsa ngati panali andale omwe anali kumbuyo kwa chiwembuchi, muwauze kuti khoti silinayankhe funso limenelo, ndipo anthu ambiri ku Serbia akulifunsabe.