Mafunso ndi Mayankho: Upolisi wa m'Mayunivesite a Boma ku America

Makalata a mwezi uno akumana pa nkhani imodzi, ntchito ya upolisi m'mayunivesite a boma a ku America, makamaka aja okhala ndi nthambi zambiri pansi pa bungwe limodzi. Mafunso ena tawafupikitsa.

FUNSO: Mwana wanga wamkazi akufuna kulowa upolisi wa pa yunivesite ku Texas. Ine ndamuuza kuti umenewo ndi ulonda wovala yunifomu yokongola basi. Kodi ndalakwa? — Bambo wa ku Houston

YANKHO: Mwalakwa ndithu, bambo, ngakhale si inu nokha amene mumaganiza choncho. Pa yunivesite yaikulu pamakhala magulu awiri. Alipo alonda otseka zitseko ndi kuperekeza ophunzira usiku, ndipo alipo apolisi olumbira, onyamula mfuti, amphamvu zomanga munthu ndi kukaima naye m'khoti. Mwana wanu akapambana, chiphaso chake chidzachokera ku Texas Commission on Law Enforcement, komwe kumachokeranso chiphaso cha wapolisi wa mumzinda wa Houston. Ndipo mphamvu zake sizithera pa geti. Lamulo la zamaphunziro la Texas limamulola kugwira ntchito m'county (kachigawo kakang'ono ka Texas) iliyonse imene yunivesiteyo ili ndi malo ake kapena ochita lendi. Ku California lamulo limatchula malo a University of California ndi mtunda wa mailo imodzi kuwazungulira.

Ntchitoyi ndi yakale. Yale inatenga apolisi awiri a mumzinda wa New Haven mu 1894. Ku Texas zinthu zinasintha mu 1966, munthu wina atakwera nsanja ya pa yunivesite ya ku Austin n'kuyamba kuwombera anthu ali pansi. Chaka chotsatira nyumba ya malamulo inalola mayunivesite a boma kukhala ndi apolisi awoawo. Lero nthambi za University of Texas System zili ndi akulu awo a apolisi, koma pamwamba pawo pali Director of Police, amene ofesi yake imayendetsa sukulu ya apolisi ku Austin, imalemba malamulo a ntchito ndi kuyendera nthambi zonse. Phindu lake kwa mwana wanu ndi lakuti angayambire ku El Paso, mawa n'kukapezeka pa chipatala cha khansa cha MD Anderson ku Houston konko, ali m'banja limodzi la ntchito.

FUNSO: Ndili ndi zaka 23 ndipo ndatsiriza zaka ziwiri za koleji. Njira yolowera ndi yotani, ndipo anthu amagwera pati? — M.K., Sacramento

YANKHO: Zaka zanu zakwana, popeza malo ambiri amafuna 21. Zaka ziwiri za kolejizo musazipeputse: apolisi a State University of New York amafuna makirediti 60 a koleji, ndipo ngakhale kumene safuna, digiri idzakufunani pa nthawi yokwezedwa.

Masitepe ake amafanana pafupifupi kulikonse. Mumalemba mayeso a kuwerenga ndi kulemba, mumayesedwa mphamvu za thupi, kenako mumakhala pamaso pa gulu la ofunsa. Ku yunivesite pagululi nthawi zina pamakhalanso mphunzitsi kapena wophunzira, choncho musadabwe kufunsidwa zimene mungachite mutapeza mtsikana wa chaka choyamba ataledzera mpaka kukomoka pakhomo pa hositelo. Woyankha kuti “ndimumanga” wadzichotsa yekha. Choyamba ndi kumugoneka cham'mbali kuti asatsamwe ndi masanzi, kuona ngati akupuma, kuitana ambulansi. Za mlandu wakumwa asanakwane zaka 21 zimabwera pambuyo.

Pamene anthu ambiri amagwera ndi pa kufufuza mbiri. Mumapatsidwa fomu yaitali yofuna malo onse amene munakhalapo, ntchito zonse, ngongole, milandu ya pamsewu, mankhwala ozunguza bongo amene munalawapo. Wofufuza amaimbira mabwana akale, eni nyumba, ngakhale amene munasiyana naye chibwenzi. Nthambi zina zimawonjezera makina oyeza bodza. Chamba chimene munasuta kamodzi muli ndi zaka 17 kawirikawiri sichikulepheretsani. Kuchibisa ndiko kumakulepheretsani. Chifukwa chake ndi cha m'khoti. Kutsatira zigamulo za Brady v. Maryland mu 1963 ndi Giglio v. United States mu 1972, woimira boma pa milandu amayenera kuuza mbali ya woimbidwa mlandu ngati mboni yake ili ndi mbiri ya bodza, ndipo wapolisi amene umboni wake sungakhulupirike alibe ntchito. Zinthu ziwiri zilibe mankhwala: kupezeka wolakwa pa mlandu waukulu, ndi kupezeka wolakwa pa nkhanza za m'banja, ngakhale mlanduwo unali waung'ono, chifukwa lamulo la dziko lonse la mu 1996 limaletsa munthu wotero kugwira mfuti.

Akakulonjezani ntchito mumaonana ndi dokotala wa thupi ndi katswiri wa zamaganizo, kenako sukulu ya apolisi. Ku California maphunzirowa sachepera maola 664, ndipo masukulu ambiri amapitirira pamenepo. Funsani msanga ngati nthambi ya apolisiyo ikulipirirani ndi kukupatsani malipiro muli pa sukulu, kapena ikufuna anthu obwera ndi satifiketi kale.

Mukatuluka simuyenda nokha. Kwa miyezi itatu kapena inayi mumakwera galimoto ndi wapolisi wophunzitsa, amene amalemba lipoti la tsiku ndi tsiku la mmene mwagwirira ntchito. Pano anthu sagwa chifukwa cholephera kuwombera. Amagwa chifukwa cha malipoti osamveka, kusochera pakati pa nyumba zimene zili ndi dzina lina pa mapu ndi dzina lina pakamwa pa ophunzira, ndi kulankhula pa wailesi mosatchula pamene ali. Yendani wapansi pa sukulu yonseyo musanayambe, ndipo loweza zitseko za m'mbali ndi masitepe a kumbuyo.

FUNSO: Ndine wophunzira wochokera kunja, ndili ndi visa ya F-1. Ndingalowe? — Wophunzira wa ku Albany

YANKHO: Monga wapolisi wolumbira, ayi. Zigawo zambiri zimafuna nzika ya America. California inamasula lamuloli kuyambira 2023 n'kulola aliyense wololedwa kugwira ntchito m'dzikomo, komabe lamulo la dziko lonse limaletsa anthu a mavisa a kanthawi chabe ngati yanuyo kukhala ndi mfuti, kupatula pa zifukwa zochepa. Chimene chili chotseguka ndi ntchito za ophunzira m'nthambi ya apolisi, monga kuperekeza anzanu usiku, mosapitirira maola 20 pa sabata sukulu ili mkati. Onanani kaye ndi ofesi ya ophunzira akunja musanasaine chilichonse.

FUNSO: Ndagwira zaka 6 pa patirolo ya usiku. Kawiri konse ndalemba mayeso a usajenti, kawiri konse atenga anzanga amene sanamangepo anthu ambiri ngati ine. Ndikuphonya chiyani? — Wapolisi, dzina tabisa

YANKHO: Achimwene, mukuwerenga zimene akuluakulu anu sakuwerenga. Sajenti wa pa yunivesite ndiye amavomereza lipoti lililonse la shifiti yake, ndipo lipoti lililonse lingathe kulowa m'kaundula amene boma la ku Washington limayang'ana. Amene sadziwa Clery Act sangapatsidwe mpando umenewo, kaya anamanga anthu angati.

Lamuloli ndi la mu 1990. Linatchedwa dzina la Jeanne Clery, wophunzira amene anaphedwa m'chipinda chake pa Lehigh University mu 1986, makolo ake n'kudzazindikira pambuyo pake kuti pasukulupo panachitika milandu yambiri yachiwawa imene ophunzira sanauzidwe. Sukulu iliyonse yolandira ndalama za boma zothandizira ophunzira imayenera kusindikiza lipoti la chitetezo pofika pa 1 October chaka chilichonse, lokhala ndi ziwerengero za zaka zitatu. Nthambi ya apolisi imasunganso kaundula wa tsiku ndi tsiku. Mlandu uyenera kulowamo pasanathe masiku awiri a ntchito, ndipo aliyense angapemphe kuona za masiku 60 apitawa.

Zolakwika zake ndi zomwezomwe chaka ndi chaka. Ena amawerenga milandu imene yatsimikizika yokha, pamene lamulo limawerenga imene yanenedwa. Ena amaika mlandu m'chaka chimene unachitika, pamene uyenera kukhala m'chaka chimene unanenedwa. Kuthyola chipinda amakulemba ngati kuba wamba, chiwerengero n'kutsika mwachinyengo. Malo nawonso amasokoneza: msewu wa boma woyandikana ndi sukulu umawerengedwa pamodzi ndi tinjira ta oyenda pansi ta mbali zonse ziwiri, koma sitolo ya kuseri kwa kanjirako siwerengedwa. Ndiye pali nkhani zimene sizifika n'komwe ku polisi, zothera kwa kochi wa timu kapena woyang'anira hositelo. Anthu amenewa lamulo limawaona ngati olandira madandaulo, ndipo wina ayenera kuwafunsa. Zilango zake si zamasewera: Penn State inalipitsidwa madola pafupifupi 2.4 miliyoni mu 2016, Michigan State 4.5 miliyoni mu 2019, Liberty University 14 miliyoni mu 2024.

Choncho pemphani kuthandizana ndi amene amalemba lipoti la Clery chaka chino, ngakhale ndi ntchito imene anzanu amaithawa. Khalani wophunzitsa apolisi atsopano, chifukwa ndiyo njira yoonetsera kuti mungadzudzule munthu polemba popanda kumuphwanya. Tengani maphunziro a maola 40 a kuthandiza anthu osokonezeka maganizo, amene anayambira ku Memphis mu 1988. Pa yunivesite foni ya wophunzira wofuna kudzipha ndi ya kawirikawiri kuposa ya chigawenga. Dziwaninso malire a FERPA, lamulo la mu 1974 losunga chinsinsi cha zolembedwa za ophunzira. Zolemba za nthambi ya apolisi zili kunja kwake, koma magiredi ndi mafayilo a ku ofesi ya mkulu woona za ophunzira simungangowatenga chifukwa mwavala yunifomu. Ngati muli ku Texas, kwerani masatifiketi a upolisi a Intermediate, Advanced ndi Master. Digiri imafupikitsa zaka zodikira.

FUNSO: Ndine lefutenanti mu polisi ya mzinda, ndipo ndaitanidwa kukafunsidwa ntchito ya mkulu wa apolisi pa yunivesite ina ya boma. Kusiyana kwake ndi kotani? — Mayi wa ku Ohio

YANKHO: Mayi, mumzinda mumadziwa amene amalamula. Pa yunivesite mudzakhala ndi mabwana awiri kapena atatu. Bajeti ndi mpando wanu zili m'manja mwa pulezidenti wa sukuluyo, kawirikawiri kudzera mwa wachiwiri wake woona za chuma. Malamulo a ntchito angachokere ku ofesi yaikulu ya bungwe lonse. Chiphaso chanu chili m'manja mwa chigawo. Masiku abwino atatuwa amagwirizana. Mudzayesedwa pa tsiku limene sakugwirizana.

Nkhani ziwiri ziwerengeni musanapite. Pa 16 April 2007 ku Virginia Tech, anthu awiri anawomberedwa m'hositelo nthawi itangopitirira 7 koloko m'mawa. Akuluakulu a sukulu anakhala pansi kukambirana, ndipo uthenga wochenjeza unatuluka 9:26, patapita maola oposa awiri. Mphindi zochepa pambuyo pake wakuphayo anayamba kuwombera m'nyumba ya makalasi, ndipo onse ophedwa tsikulo anakwana 32. Mu 2008 lamulo la Clery linawonjezeredwa kuti chenjezo la ngozi lizituluka mosazengereza. Funso lanu kwa ofunsawo likhale ili: 3 koloko usiku, kodi sajenti wa pa shifiti angatumize yekha uthenga ku mafoni onse, kapena ayenera kudzutsa munthu wina? Akayankha mozungulira, mwadziwa ntchito yanu yoyamba. Mauthengawo alembedweretu, kuti wotumiza angodzaza dzina la nyumba ndi chochita.

Yachiwiri ndi ya pa 18 November 2011 ku University of California, Davis. Oyang'anira sukulu anafuna kuti matenti a ochita zionetsero achotsedwe masana. Lefutenanti wina anapopera mankhwala a tsabola kumaso kwa ophunzira okhala pansi, makamera akujambula. Kafukufuku anapeza kuti chitini chachikulu chimene anagwiritsa ntchitocho sichinali pa zida zovomerezeka za nthambiyo, ndiponso kuti panalibe lamulo lomveka bwino lochotsera matentiwo. Mkulu wa apolisi anasiya ntchito mu 2012, ndipo yunivesite inalipira madola pafupifupi 1 miliyoni. Ife timaona kuti vutolo linayambira m'chipinda cha msonkhano, pamene nthawi yochotsera matenti inasankhidwa ndi anthu osadziwa za khamu, ndipo kukana kwa apolisi sikunamveke mwamphamvu. Pulezidenti ali ndi ufulu wonena chimene akufuna chichitike. Nthawi yake, chiwerengero cha apolisi ndi zida ndi zanu, ndipo ngati mukutsutsa, tsutsani polemba, nthawi ndi tsiku zili pamwamba.

Funsaninso kuona pangano la pakati pa nthambiyo ndi apolisi a mzinda. Lizinena poyera amene amafufuza mlandu wakupha, amene amayankha mafoni a m'nyumba za lendi za ophunzira, ndi ngati apolisi a yunivesite amaimitsa magalimoto kunja kwa sukulu. Kwanu ku Ohio komweko, mu July 2015, wapolisi wa University of Cincinnati anawombera ndi kupha Samuel DuBose atamuimitsa pa msewu wa kunja kwa sukulu chifukwa chosowa nambala ya kutsogolo kwa galimoto, ndipo utsogoleri wa nthambiyo unasinthidwa pambuyo pake.

Za mapepala, digiri yachiwiri ndi maphunziro a masabata 10 a FBI National Academy ku Quantico zimakuikani patsogolo. Funsani ngati nthambiyo ili ndi chivomerezo cha IACLEA kapena CALEA, mabungwe oyendera ndi kuvomereza nthambi za apolisi, ndi chaka chimene inayenderedwa komaliza. Pemphani ziwerengero za apolisi amene achoka m'zaka zitatu zapitazi ndi kumene anapita, chifukwa nthambi yolipirira munthu sukulu n'kumutaya kwa apolisi a mzinda patapita zaka ziwiri ikuphunzitsira ena. Ndipo lipoti lawo la Clery la chaka chatha lili pa intaneti. Liwerengeni lonse, muliyerekeze ndi kaundula wa tsiku ndi tsiku, ndipo mupite ndi masamba amene manambala ake sakugwirizana.