Maphunziro a TB ndi HIV a pa kompyuta: lembetsani ndithu

Achemwali, mwafunsa ngati mulembetse maphunziro a TB ndi HIV a pa kompyuta: lembetsani ndithu. Maphunziro a pa kompyutawa ngothandiza ngakhale kwa nesi wotanganidwa ngati inu. Ine ndimagwira ntchito pakiliniki ina kuno ku Lusaka, ndipo ndimawachita pafoni usiku magetsi akayaka. Gawo limene linandithandiza kwambiri ndi la rifampicin (mankhwala a TB) ndi dolutegravir (mankhwala a HIV): wodwala TB amene ali pa TLD (piritsi la ma ARV lomwe muli kale dolutegravir) amafunika dolutegravir wina wa 50 mg pakapita maola 12 atamwa TLD, chifukwa rifampicin amachepetsa dolutegravir m'magazi. Ndaonapo odwala akubwera opanda piritsi lowonjezerali, ndipo zimandipweteka mtima. Musanalipire chilichonse, funsani ku Nursing and Midwifery Council of Zambia (bungwe loyang'anira manesi ndi azamba) ngati maphunzirowo amawawerengera pa mapointi a CPD (osonyeza kuti nesi akupitiriza kuphunzira ali pantchito). Koma ngakhale mutaphunzira, wodwala akakhala mwana, akakhala ndi MDR-TB (TB yosamva mankhwala), kapena maso ake akachita chikasu, mutumizeni kwa dokotala tsiku lomwelo.