Gulu linayamba kapena gulu anayamba? Mafunso a olemba mbiri za oimba

Wowerenga wina wa ku Zomba, amene akulemba mbiri ya oimba chamba cha reggae a ku Jamaica, wafunsa ngati chiganizo ichi chili bwino: "Gulu la The Wailers anayamba kuimba mu 1963 mumzinda wa Kingston."

Chaka ndi malo zili bwino, koma mgwirizanitsi ndiye walakwika. Mwininkhani wa chiganizochi ndi dzina lakuti "gulu", osati dzina lachingerezi limene likutsatira, choncho mneni ayenera kumvera dzina limenelo: gulu la The Wailers linayamba, linatchuka, linajambula nyimbo. Mukasankha mawu akuti "bandi", mgwirizanitsi amasinthanso, ndipo mudzalemba kuti bandi ya The Wailers inayamba. Njira yachitatu ndiyo kutchula anthuwo, monga kunena kuti anyamata a The Wailers anayamba kuimba. Njira zitatu zonsezi ndi Chichewa chabwino, ndipo cholakwika ndi kuyamba chiganizo ndi njira imodzi n'kuchimaliza ndi ina.

Kusankha kumeneku si nkhani ya galamala yokha, chifukwa m'mbiri ya oimba anthu amalowa ndi kutuluka pamene dzina likhalabe. Amene anadziwika kwambiri pa chiyambi cha The Wailers anali Bob Marley, Peter Tosh ndi Bunny Wailer, koma mu 1974 Tosh ndi Bunny anali atachoka kukaimba payekhapayekha, ndipo Marley anapitiriza ndi oimba ena pansi pa dzina la Bob Marley and the Wailers mpaka imfa yake mu 1981. Mlembi akanena kuti gululo linapitirira, wanena zoona, koma akalemba kuti anyamatawo anapitirira, wowerenga aganiza kuti atatu aja anali adakali limodzi, zimene si zoona. N'chimodzimodzi ndi Black Missionaries ya ku Chileka: Evison Matafale atamwalira mu November 2001, gulu linatsogoleredwa ndi Musamude Fumulani, ndipo iyenso atamwalira mu 2007, linapitirira ndi m'bale wake Anjiru. Okonda nyimbo zawo akamati "Ma Blacks afika", maso awo ali pa anthu amene akukwera pa nsanja usiku umenewo, ndipo sakulakwitsa. Koma wolemba mbiri ya zaka zambiri achita bwino kugwiritsa "gulu li-" pofotokoza za dzinalo, n'kusunga "a-" pamene akunena za anthu amene wawatchula kale maina.

Mphunzitsi wina wa ku Mchinji wafunsa ngati n'koyenera kulemba kuti George Harrison ankasewera gitala m'gulu la The Beatles, popeza mawuwa amamveka kawirikawiri pa wailesi.

Amamvekadi, koma ine sindiwavomereza m'zolembedwa. M'Chichewa timasewera mpira ndi bawo, ndipo mwana amene wapeza gitala ya bambo ake pakona n'kumakoka nsambo mwachisawawa ndiye amene akusewera ndi gitala. Katswiri amaimba gitala kapena amaliza gitala. Choncho lembani kuti George Harrison ankaimba gitala, ndipo Ringo Starr, amene analowa m'gululo mu 1962, ankaimba ng'oma. Vuto laling'ono limene limatsala ndi lakuti mawu oti "woimba" amakuta onse awiri, wa pakamwa ndi wa zida, ndiye pamene kusiyanitsa kukufunika tiyenera kutchula ntchito ya munthuyo. Marley ankatsogolera nyimbo, pamene Rita Marley, Marcia Griffiths ndi Judy Mowatt, amene ankatchedwa I Threes, ankathirira mang'ombe. Mawu amenewa ndi akale, ndipo akukwanira bwino ngakhale pa nyimbo zojambulidwa ku Kingston.

Funso lomaliza lachokera ku Chipata: kodi tinganene kuti gulu la The Beatles linasweka mu 1970?

Chimene chimasweka ndi mbiya kapena galasi. Gulu la anthu limatha kapena limapasuka, ndipo anthu ake amasiyana kapena amapatukana. "Kutha" sikunena chifukwa, pamene "kupasuka" kumasonyeza kuti panali kusamvana, monga mmene timanenera za banja kapena mudzi. Popeza mkangano wa oimba a ku Liverpool amenewa unafika mpaka kubwalo la milandu pamene mmodzi wa iwo, Paul McCartney, anakasuma kumapeto kwa 1970, mawu akuti "linapasuka" akuyenera. Koma si magulu onse amene amatha chotero. Gulu la WITCH la ku Zambia, limene linali patsogolo pa chamba cha Zamrock, chomwe ndi nyimbo za rock za ku Zambia, m'zaka za m'ma 1970, linazilala m'zaka za m'ma 1980, ndipo woimba wake Emmanuel "Jagari" Chanda anakhala nthawi yaitali akugwira ntchito zina, kuphatikizapo kukumba miyala yamtengo wapatali. Pambuyo pake iye anasonkhanitsa oimba ena, n'kuyambanso kuyenda m'mayiko akunja, ndipo mu 2023 anatulutsa chimbale chatsopano. Pa gulu lotere lembani kuti linazilala kenako linatsitsimuka, chifukwa mukalemba kuti linatha, mudzavutika kufotokoza kumene chimbale cha 2023 chinachokera.