Mwana wonenepa kwambiri akamathamanga, mtima wake umatani?

Mayi wina wandilembera pa imelo kuti mwana wawo wamwamuna wa zaka 11, yemwe ndi wonenepa kwambiri, amapuma mwawefuwefu akangoyamba kusewera mpira, ndipo kuchipatala anawauza kuti BP yake (kuthamanga kwa magazi) ndi yokwera pang'ono. Akufunsa ngati ayenera kumuletsa masewera.

Mayi, musamuletse, koma mumvetse zimene zikuchitika m'thupi mwake. Thupi lalikulu limafuna magazi ambiri, choncho mtima wa mwana wanu umagwira ntchito yaikulu ngakhale atakhala pansi. Mafuta ochuluka amachititsanso kuti impso zizisunga mchere ndi madzi, ndiponso kuti mitsempha ya magazi isamatanuke bwino. BP ikayezedwa imaonetsa manambala awiri, ndipo mwana aliyense akamathamanga, nambala ya pamwamba imakwera pamene ya pansi sisintha kwenikweni. Koma mwa ana ambiri onenepa kwambiri, nambala ya pamwambayi imakwera mopitirira, mtima umagunda mofulumira pa ntchito imene anzawo amaichita mosavuta, ndipo akasiya kusewera umachedwa kubwerera mwakale. Zikapitirira kwa zaka, mnofu wa kumanzere kwa mtima umakhuthala, ndipo zimenezi n'zimene zimandidetsa nkhawa, chifukwa mwanayo samva kupweteka kulikonse.

Ena mwa ife timaona mwana wonenepa ngati umboni woti akusamalidwa bwino, komatu bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena kuti mu 2022 ana ndi achinyamata oposa 160 miliyoni a zaka 5 mpaka 19 anali onenepa mopitirira muyezo.

Kuyeza kamodzi sikokwanira kunena kuti mwana ali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi. Ayezedwe pa masiku atatu osiyana atapuma kaye, ndipo mupemphe kuti lamba woyezera akhale wokwanira mkono wake, popeza lamba wamng'ono pa mkono waukulu amaonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni. Kwa mwana wa msinkhu wake, madokotala amaweruza BP poyang'ana zaka, kutalika ndiponso ngati ndi mnyamata kapena mtsikana. Ngati amaliza mkonono kwambiri usiku, muwauzenso adokotala, chifukwa kubanika kutulo kumakweza BP.

Masewerawo ndiwo mbali ina ya mankhwala. WHO imalangiza kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azichita masewera otulutsa thukuta kwa mphindi 60 tsiku lililonse, koma wanuyu ayambe pang'onopang'ono, monga kuyenda ndawala, kupalasa njinga kapena kusewera mpira kwa mphindi zochepa n'kumapuma. Mitsempha imayamba kugwira bwino ntchito ngakhale sikelo isanasinthe. Muchepetsenso zakumwa zotsekemera, tchipisi ndi mchere pa banja lonse, kuti asadzione ngati akulangidwa yekha.

Akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire, kapena akakomoka pamene akusewera, asiye nthawi yomweyo ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.