Za MalaÅµi ndi nkhodolero yosowa: yankho kwa achimwene a ku Mufakose

Achimwene, funso lanu ndaliona usiku uno magetsi atangoyaka. Mwati mukulemba kapulogalamu ka PHP kosunga mayina a mamembala a bungwe la maliro kwanu ku Mufakose. Fayilo ya CSV (mndandanda wa mizere ya malemba) imene alembi anakupatsani ikafika pa json_encode, lamulo la PHP losandutsa deta kukhala JSON, imangobweza false. Munayesa utf8_encode, vutolo linatha, koma tsopano Malaŵi akutuluka MalaÅµi, ndipo dzina ngati Ng'ambi lasanduka Ngambi. Ndiye mukufunsa njira yoyesera malemba musanawasunge.

Njira ilipo, ndi mzere umodzi wokha: mb_check_encoding($mzere, 'UTF-8'). Koma muiyese pa MalaÅµi wanuyo muone. Ikuuzani kuti zonse zili bwino. Apa ndi pamene ambiri timagwera m'mbuna.

Kompyuta sidziwa chilembo, imadziwa mabayiti, timanambala timene pano tikutilemba mwa hex, monga C5 kapena 92. Chilembo chathu ŵ nambala yake mu Unicode ndi U+0175, ndipo UTF-8, njira yolembera zilembo za Unicode ngati mabayiti, imachilemba ndi mabayiti awiri, C5 B5. Zilembo wamba monga M, a, l zimatenga bayiti imodzi imodzi, monga zinalili mu ASCII. Ken Thompson ndi Rob Pike atapanga UTF-8 mu 1992 anaika lamulo losavuta: bayiti yoyamba imanena kuti otsatira ake ndi angati, ndipo otsatirawo amakhala pakati pa 80 ndi BF. Wotsatira sayenda yekha, ali ngati ngolo yopanda ng'ombe. Kuyesa kumene mukufunaku ndi kuona ngati lamulo limeneli latsatidwa, basi. Sikuona ngati mawuwo ndi omveka.

Tsono chimene ndikuganiza kuti chinachitika ndi ichi. Mayina ena alembi anawakopera ku Word kapena pa foni, kumene nkhodolero yowongoka ija imasinthidwa kukhala yopindika. Atasunga mu Excel ngati CSV wamba, yopindikayo inalembedwa mwa Windows-1252, njira yakale ya Windows yolembera zilembo, bayiti imodzi, 92. Mu UTF-8 bayiti 92 ndi wotsatira, ndipo apa yaima yokha. Ndicho chifukwa json_encode inakana, ndipo inachita bwino kukana. Mukanafunsa json_last_error_msg() ikanakuuzani za Malformed UTF-8. Koma mizere ina mu fayilo yomweyo inali kale UTF-8 yabwinobwino, ŵ wake ali C5 B5. Fayilo yanu ndi ya makolo awiri.

Ndiye munabwera ndi utf8_encode, imene imaganiza kuti chilichonse chimene yapatsidwa ndi ISO-8859-1, njira ina yakale ya bayiti imodzi pa chilembo. Inatenga C5 nkuti uyu ndi Å, inatenga B5 nkuti uyu ndi µ, nkuzilembanso chilichonse ndi mabayiti awiri: C3 85 C2 B5. Bayiti 92 ija inaisandutsa C2 92, chizindikiro chosaoneka ndi maso, nkhodolero nkusowa. Zonsezi ndi UTF-8 yovomerezeka, ilibe mlandu pa lamulo, koma dzina la munthu lawonongeka. Ichotseni ndithu utf8_encode imeneyo. Ngakhale eni ake a PHP kuyambira pa 8.2 anati isamagwiritsidwenso ntchito.

Bwererani ku fayilo yoyamba ija, ndikhulupirira simunaifufute. Iwerengeni mzere ndi mzere. Mzere umene wapambana mb_check_encoding musaukhudze. Umene walephera, ndiwo muudutsitse pa mb_convert_encoding($mzere, 'UTF-8', 'Windows-1252'), ndipo muulembe pambali kuti muuone ndi maso anu. Mzere umene uli ndi zonse ziwiri, ŵ ndi 92 yemwe, mb_convert_encoding singaukonze bwino, mukonze pamanja. Mamembala a bungwe la maliro si anthu miliyoni, ntchito yake simaliza ndi kapu ya tiyi yomwe.

Wina m'gulu muno akuuzani kuti muike //IGNORE pa iconv. Musamvere. Imeneyo imataya mabayiti oipa mwakachetechete. Ine ndinazichitapo pa ntchito ina m'tauni muno, mndandanda wa malipiro unatuluka woyera ngati wochapa. Patapita milungu iwiri mayi wina anabwera atanyamula chitupa chake, chala chili pa dzina, akuti uyu si ine. Chilembo chimodzi chinali chitagwa, ndipo dzina silinkagwirizananso ndi la pa chitupa. Ndinachita manyazi. Pa nkhani ya maliro ndiye ziposa apa, anthu ali pa chisoni inu nkumati dzina la malemu silikupezeka.

Musalembenso choyesera chanuchanu, ngakhale lamulo likuoneka lophweka. Lili ndi timisampha. Chizindikiro / ndi bayiti imodzi, 2F, koma munthu wochenjera angachilembe mwa njira yaitali, C0 AF. Pulogalamu yosasamala imachilandira, chikhala chadutsa kale pa mlonda amene amayang'ana 2F yekha. Bowo lotereli linapezeka mu IIS, seva ya mawebusayiti ya Microsoft, mu 2000, ndipo kachilombo ka Nimda kanalowera pomwepo mu 2001. Lero mabayiti C0, C1 ndi onse kuyambira F5 mpaka FF saloledwa konse, ndipo kuyambira 2003 chilembo sichipitirira mabayiti 4. Zoyesera zimene zilipo kale zimadziwa zonsezi. A Python muli ndi decode('utf-8') imene imakuwa UnicodeDecodeError, a Go muli ndi utf8.Valid.

Ku database ya MySQL onetsetsani kuti tebulo ndi kulumikizana komwe zili pa utf8mb4. Imene imatchedwa utf8 kumeneko imathera pa mabayiti 3. Ŵ alowa, koma tsiku limene wina adzaike emoji ya manja opemphera pa uthenga wachipepeso mudzaona zakuda. Alembi nawo muwaonetse posankha CSV UTF-8 mu Excel, kuti mwezi wamawa musadzayambirenso. Mtundu umenewo umaika mabayiti atatu, EF BB BF, kumayambiriro kwa fayilo, muziwachotsa, apo ayi dzina la danga loyamba silidzagwirizana ndi limene mukulifuna.

Munatchulanso zotumiza ma SMS kwa mamembala. Uthenga wamba umanyamula zilembo 160, koma ŵ kapena nkhodolero yopindika mulibe mu zilembo za GSM, zimene SMS wamba imagwiritsa ntchito. Chimodzi chokha chikalowamo uthenga umatsikira pa 70, wautali nkugawika pawiri kapena patatu, ndalama nkumapita. Mu database sungani dzina monga mwini wake amalilembera, potumiza SMS pokha ndi pamene muziika w ndi nkhodolero yowongoka.

Ngati zikukanabe, tengani mzere umodzi wovutawo, muchotse nambala ya foni ndi ya chitupa, muudutsitse pa xxd, kapulogalamu koonetsa mabayiti, munditumizire ku inbox zimene zatuluka. Mawa ndiziona ndili mu kombi popita ku ntchito.