Kuwerenga Camões kumayambira pa zala

Kalata ya sabata ino yachokera kwa aphunzitsi ena a ku Ntcheu. Akuti Chipwitikizi anachidziwira ku Ulongwe kumene anakulira, amachiyankhula bwinobwino pamsika ndi pamalire, ndipo nyuzipepala ya ku Maputo amaimva. Mnzawo wawabwereka buku la ndakatulo za Luís de Camões, mlakatuli wakale wa ku Portugal, koma akamawerenga mokweza sizikumveka ngati ndakatulo, lilime likungopunthwa, tanthauzo nalo likuwathawa asanafike pakati pa tsamba. Funso lawo ndi ili: kodi vuto ndi Chipwitikizi changa, kapena ndayambira pa mlakatuli wolakwika?

Aphunzitsi, zikomo potilembera. Chipwitikizi chanu n'chokwanira. Chimene simunauzidwe n'chakuti ndakatulo za Camões zili ndi muyeso, ndipo muyesowo sumveka ngati pakamwa pakuwerenga maphatikizo mwa Chichewa. Tiyambe ndi zimenezi chifukwa ndi pamene pagona nkhani, za moyo wa mlakatuliyu ndi za amene mungayambirepo zibwera pambuyo.

Mzere umene Camões ankaukonda umatchedwa decassílabo, kutanthauza mzere wa maphatikizo 10. Koma kawerengedwe kake si ka m'kalasi ya galamala. Choyamba, mumasiya kuwerenga mukafika pa phatikizo lomaliza logogomezedwa. Zotsalira pambuyo pake zimatchulidwa koma siziwerengedwa. Chachiwiri, mawu akathera pa lembo la liwu ndipo otsatira akayambira pa lembo la liwu, awiriwo kawirikawiri amalumikizana n'kukhala phatikizo limodzi. Izi si zachilendo kwa ife: sitinena kuti "ndi iwe" kapena "mwana uyu" tikamayankhula momasuka, timati "ndiwe", "mwanayu". Chachitatu ndicho chimatigwetsa ambiri. M'Chichewa phatikizo limathera pa lembo la liwu, ndiye tikakumana ndi mawu othera pa s, r kapena l timawonjezerapo kalembo kathu. Amor amasanduka "amoro", armas amasanduka "arumasi".

Onani mzere woyamba wa Os Lusíadas, ndakatulo yaitali ya Camões: As armas e os barões assinalados. Mukautchula mwa Chichewa, "asi arumasi e osi barõesi asinaladosi", mupeza maphatikizo 18. Mlakatuli analemba 10. Ikani dzanja patebulo, muzigogoda ndi chala chimodzichimodzi: a / zar / mas / e os / ba / rões / a / ssi / na / la, ndiye dos n'kungotsetsereka osawerengedwa. Onani kuti s wa as wakumana ndi a wa armas n'kumveka ngati z, mawu awiriwo agwirana. E os ndi kugogoda kumodzi. Tsopano bwerezani mukugogoda mwamphamvu pa chala cha 6 ndi cha 10, pa rões ndi pa la. Mwamva? Kumeneko ndiko kuyenda kwa mzerewu, ndipo umatchedwa heroico. Pali m'bale wake wotchedwa sáfico amene amagunda pa 4, 8 ndi 10, koma mwa Camões mukumana kwambiri ndi wa 6 ndi 10.

Yeseraninso pa mzere wodziwika wa ndakatulo yake ina ya chikondi: Amor é fogo que arde sem se ver. A / mor / é / fo / go / que ar / de / sem / se / ver. Que ar ndi phatikizo limodzi, ndipo ndi la 6. Apa palibe chotsalira chifukwa ver ndi wogogomezedwa. Mukapeza 11 kapena 12, musathamangire kunena kuti buku lalakwitsa. Bwererani mufunefune malembo a liwu awiri oyandikana amene mwawasiyanitsa, kapena kalembo kamene mwawonjezera mosadziwa. Nthawi zambiri cholakwika chimakhala chimodzi mwa ziwirizi.

Kuti zonsezi ziyende muyenera kudziwa pogogomeza m'mawu alionse. Mawu othera pa a, e, o, as, es, os, am, em amagogomezedwa pa phatikizo lotsatana ndi lomaliza, monga terra, noite, cantam. Apa lilime lathu lili kwawo, chifukwa Chichewa nachonso chimakoka phatikizo lomwelo. Mawu othera pa r, l, z, i, u kapena ão amagogomezedwa kumapeto: amor, azul, feliz, coração. Pamene pali kachizindikiro pamwamba pa lembo, monga á, é kapena ô, ndi pomwepo, malamulo ena onse agonja. Musakapeputse kachizindikiroka. Sábia ndi mkazi wanzeru, sabia ndi "ankadziwa", sabiá ndi mbalame ya ku Brazil. Malembo ndi omwewo. Chimodzimodzi l ndi r, amene kwathu timawasinthanitsa popanda wotifunsa: caro ndi chinthu chodula kapena wokondedwa, carro ndi galimoto, calo ndi khungu louma la m'manja mwa munthu wogwira khasu.

Tsopano za tanthauzo limene mukuti limathawa. Pali misampha itatu, ndipo yonse ili m'galamala ya zaka zoposa 450 zapitazo.

Woyamba ndi wakuti Camões amasokoneza dongosolo la chiganizo mwadala, potsanzira Chilatini. Mu Os Lusíadas mneni wamkulu wa chiganizo choyamba, espalharei, "ndidzafalitsa", amabwera pa mzere wa 15. Mizere 14 yoyamba akungondandalika zimene adzafalitsezo. Munthu amene akuyembekezera mneni pa mzere woyamba kapena wachiwiri amataya mtima. Chochita: tengani pensulo, werengani mpaka pa mpumiro weniweni ngakhale utakhala patali, lembani mzere kunsi kwa mneni wamkulu, kenako funsani kuti akuchita ndani, akuchita chiyani. Mukatero lembani chiganizocho papepala m'dongosolo la masiku onse. Msampha wachiwiri ndi aneni amene pamsika simuwamva. Amara si amará. Woyambayo ndi "anali atakonda", ndipo mwa Camões nthawi zina ndi "akanakonda", wachiwiriyo ndi "adzakonda". Palinso aneni a vós, monga sois, tendes, vedes, amene amagwiritsa ntchito polankhula ndi mfumu kapena mkazi wolemekezeka, ngati mmene ife timanenera "inu" kwa munthu mmodzi. Wachitatu ndi mawu amene anasintha tanthauzo. Barões a mu mzere woyamba aja si anthu a udindo wa barão monga dikishonale yaing'ono ingakuuzeni, ndi amuna olimba mtima basi. N'chifukwa chake buku la Camões lopanda ndemanga kunsi kwa tsamba silithandiza woyamba kumene. Funani la ana asukulu a sekondale, limene limamasulira mawu ndime ndi ndime.

Ngati buku mwabwerekalo lili ndi masoneto, yambani ndi amenewo. Soneto ili ndi mizere 14: ndime ziwiri za mizere inayi, ndime ziwiri za mizere itatu. Mu ndime ziwiri zoyambazo mzere woyamba umamveka mofanana ndi wachinayi kumapeto, wachiwiri ndi wachitatu. Kufananako kumayambira pa lembo la liwu logogomezedwa lomaliza, osati pa lembo lomaliza lokha. Samalani pofika mzere wa 9, chifukwa kawirikawiri ndi pamene ganizo limakhota: mizere 8 yayala nkhani, 6 yotsalayo ikuyankha kapena kutsutsa. Soneto imodzi pa sabata ndi yokwana. Tsiku loyamba werengani mokweza katatu osatsegula dikishonale, mukugogoda. Lachiwiri fufuzani aneni. Lachitatu ndiye mawu ovuta. Masiku otsalawo ilowezeni pamtima, muzilakatula mukuyenda. Amene amayamba ndi dikishonale amathera ndi mawu 30 omasuliridwa m'mphepete mwa tsamba koma ndakatulo osaimva.

Os Lusíadas ndi katundu wina. Ili ndi zigawo 10 zotchedwa cantos, ndime 1,102 za mizere 8 iliyonse, mizere yonse 8,816. Musayambe tsamba loyamba n'cholinga chofika kumapeto. Tengani nkhani ya Inês de Castro m'chigawo chachitatu, ndime 118 mpaka 135, kapena ya chiphona Adamastor m'chigawo chachisanu, ndime 37 mpaka 60. Zimenezi zimaima pazokha.

Mwiniwakeyo moyo wake unali wa mavuto. Anabadwa cha m'ma 1524, anataya diso limodzi ali msilikali ku Ceuta, ndipo mu 1553 anakwera chombo kupita ku India atangotuluka m'ndende ku Lisboa chifukwa chovulaza munthu pa ndewu. Anakhala zaka zambiri ku Goa ndi madera a kum'mawa, chombo chinamuswekera pafupi ndi mathiriro a mtsinje wa Mekong, iye n'kupulumuka ndi mapepala ake. Pobwerera anatsakamira pa chilumba cha Ilha de Moçambique kuyambira 1567 mpaka 1569, alibe ndalama yolipirira ulendo. Wolemba mbiri Diogo do Couto anamupeza pamenepo akudya za anzake, ndipo anzakewo ndiwo anasonkha kuti akwere chombo. Anafika kwawo mu 1570, buku la Os Lusíadas linatuluka mu 1572, mfumu Sebastião inamupatsa kandalama ka 15,000 réis pa chaka, ndipo anamwalira ali mmphawi pa 10 June 1580. Tsikuli ndilo Portugal imakumbukira ngati tsiku la dziko lawo.

Pali chinthu chimene sitingakubisireni. Munthu amene anakhala zaka ziwiri pachilumbachi ndi yemweyo amene m'chigawo choyamba akujambula anthu a pamenepo ngati achinyengo, n'kumayamikira mizinga ya Vasco da Gama ikugumula mudzi wawo. M'ndime yachiwiri yeniyeniyo maiko a Africa ndi Asia akuwatcha terras viciosas, maiko oipa. Luso lake ndi lalikulu ndipo ndi loyenera kuliphunzira, koma nyimboyi ndi ya wogonjetsa. Mukadzaiwerengera ana a sukulu, muwauze zimenezi poyera, ndipo pambali pake muike mawu a anthu a dziko lomwelo.

Apa ndi pamene tikuyankha mbali yachiwiri ya funso lanu. Inde, pali poyambira pabwino kuposa Camões, ndipo ndi pafupi ndi kumene munakulira.

José Craveirinha anabadwa mu 1922 ku Lourenço Marques, kumene lero ndi Maputo, bambo ake Mpwitikizi wa ku Algarve, mayi ake Mronga, mtundu wa anthu a kum'mwera kwa Mozambique. Anakhala ku Mafalala, dera la mumzindawo, anagwira ntchito ya utolankhani, apolisi achinsinsi a PIDE anamutsekera kuyambira 1965 mpaka 1969, ndipo mu 1991 anakhala munthu woyamba wa mu Africa kulandira Prémio Camões, mphoto yaikulu ya olemba m'Chipwitikizi. Anamwalira mu 2003. Mabuku oti mufune ndi Xigubo la 1964 ndi Karingana ua Karingana la 1974. Dzina lachiwirili ndi mawu oyambira nthano m'Chironga, monga ife timati "padangokhala", ena n'kuvomera "tili tonse". Kwa Craveirinha musawerenge maphatikizo, mizere yake ilibe muyeso umodzi. Kugunda kwake kuli m'kubwereza: mawu amodzi amabwerera kumayambiriro kwa mizere ngati woyambitsa nyimbo ndi ovomera. Chimene chimavuta ndi mawu a Chironga amene dikishonale ya ku Lisboa ilibe. Xigubo ndi gule wa nkhondo, ndipo x ameneyo amatchulidwa "sh". Ambiri mwa mawu otere khutu lanu liwazindikira lisanafike ku tanthauzo, chifukwa kapangidwe kake ndi ka zinenero zathu. Apa lilime la Chichewa, limene limakupunthwitsani mwa Camões, ndilo likuthandizani.

Noémia de Sousa, wobadwira ku Catembe mu 1926, analemba pafupifupi ndakatulo zake zonse pakati pa 1948 ndi 1951, asanapite ku Lisboa. Zinkayenda m'manyuzipepala monga O Brado Africano ndi pamapepala opatsirana, ndipo buku lake, Sangue Negro, linadzatuluka mu 2001, chaka chimodzi asanamwalire. Yambani ndi ndakatulo yake ya magaíça, munthu wobwerera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi sutikesi ya tinthu tonyezimira, thanzi lake atalisiya pansi pa nthaka. Aliyense amene agogo ake anapita pa Wenela aimva popanda womumasulira.

Mukazolowera awiriwa, pitani kwa Fernando Pessoa, amene anakulira ku Durban kuyambira 1896 mpaka 1905. Iyeyu ankalemba m'maina a alakatuli amene anawapeka yekha, aliyense ndi mbiri yake ndi kalembedwe kake, kotero mukaona Alberto Caeiro, Ricardo Reis kapena Álvaro de Campos pachikuto, dziwani kuti ndi munthu mmodzi. Caeiro ndiye wa mawu osavuta kuposa onse, Reis musiyeni kaye chifukwa amapotoza ziganizo kuposa Camões. Ndakatulo zambiri zimene Pessoa anasaina ndi dzina lake zili mu redondilha maior, mzere wa maphatikizo 7, womwe ndi wa nyimbo za anthu wamba ku Portugal ndi ku Brazil. Malamulo owerengera ndi omwe aja, koma mzere ndi waufupi, ndiye zala zimaphunzira msanga. Camões nayenso analemba zambiri m'muyeso umenewu, ndipo mwina zili m'buku lomwe muli nalolo, pansi pa mutu wakuti redondilhas kapena cantigas.

Za Camões ndi Pessoa zimapezeka zaulere pa intaneti chifukwa eni ake anamwalira kalekale, ngakhale zambiri zilibe ndemanga. Za Craveirinha ndi Noémia de Sousa muyenera kugula kapena kubwereka, ndiye mukatuma munthu wopita ku Tete, Beira kapena Maputo, mumulembere papepala dzina la mlakatuli ndi mutu wa buku monga talembera pamwambapa, ndipo mumuuze atsegule kumapeto aone ngati muli glossário, mndandanda womasulira mawu a Chironga.